Khofi ndi mpweya sizinagwirizanepo

Khofi wosakazinga ndi wopirira. Nyemba zake zikauma bwino zimatha pafupifupi chaka m'thumba, n'chifukwa chake kale zombo zinkayenda nazo miyezi yambiri kuchoka ku Mocha kapena ku India kupita ku Ulaya. Vuto limayamba akazikazinga. Moto umatulutsa mafuta ndi fungo, ndipo mpweya ukazipeza, pakatha milungu yochepa khofi amasukuluka.

Amalonda analimbana nalo vutoli. Mu 1868 John Arbuckle wa ku Pittsburgh, ku America, anabwera ndi njira yokuta nyemba zokazinga ndi dzira ndi shuga kuti mpweya usazifike. Mu 1900 kampani ya Hills Bros ya ku San Francisco inayamba kugulitsa khofi m'zitini zochotsedwa mpweya. Kenako m'zaka za m'ma 1960 kampani ya Goglio ya ku Italy inapanga kabowo kotulutsa mpweya wa mkati koma osalola wakunja kulowa. Khofi wongokazinga kumene amapumabe kwa masiku angapo, ndiye popanda kabowoko paketi imafufuma. Kabatani kamene mumafinya pa paketi mu shopu ku Lusaka kuti mununkhize ndi komweko.

Kuno ku Chongwe nzeru yomata chotengera si yachilendo. Agogo athu akafuna kusunga mbewu ya nyemba kapena nzama, ankaisakaniza ndi phulusa, kuithira m'mbiya, n'kumata pakamwa ndi dothi. Iwo ankaopa anankafumbwe ndi chinyezi, koma mbiya ija, itakhala pakona yamdima ndi yozizira, inkagwira ntchito imene azungu anaipezera m'chitini. Phulusa lokha ndiye musatengere, khofi salifuna.

Tsono mukagula khofi wa ku Kasama kapena wa ku Mazabuka, sankhani wosagaya, ndipo mugule wokwana milungu iwiri kapena itatu basi. Muikeni m'botolo lotseka bwino, m'kabati, kutali ndi mbaula ndi windo lolowa dzuwa la mu Okutobala. Filiji ine sindiikhulupirira. Malaiti akapita n'kubweranso, botolo limachita thukuta, ndipo khofi amayamwa chinyezicho pamodzi ndi fungo la kapenta wa dzulo. Mvula ikayamba mu Novembala, musasiye botolo lotsegula ngakhale madzi akuwira. Gayani wokwanira kapu imeneyo yokha. Ngati mulibe kamakina, kamtondo kouma kamene simusinjiramo tsabola kamakwanira.