Kuchokera ku Mulobezi Mpaka ku China: Mbiri ya Matabwa a Zambia

Aliyense amene analowapo m'nyumba zakale za ku Woodlands kapena ku Kabulonga, zija zinamangidwira akuluakulu a boma ndi a makampani mzinda wa Lusaka utalandira kale ulemu wokhala likulu m'chaka cha 1935, sangaiwale pansi pake: timatabwa tofiirira, tating'ono, toyalidwa mopingasana mwaluso, timene wantchito wa m'nyumba ankagwada m'mawa ndithu kutipaka polishi ya Cobra ndi kutikwecha ndi bulashi kufikira nkhope ya munthu itaonekeramo. Timatabwa timeneto, kawirikawiri, ndi mukusi, mtengo wolemera umene chiswe chimaulephera, womera mu mchenga wakuya wa ku Sesheke ndi ku Mulobezi. Ndipo pa mtengo umenewu ndi pamene malonda a matabwa otuluka m'dziko lino anayambira.

Njanji itaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls m'chaka cha 1905, ndi kupyola pa mudzi wa mfumu Lusaka pa ulendo wake wa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, kunafunika mitengo yosavunda yogonekapo zitsulo za njanjiyo, ndiponso mafelemu a zitseko ndi mazenera a matauni atsopano. Kotero nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanathe, kampani ya Zambezi Sawmills inali itaika kale macheka ake ku Livingstone. Poyamba ng'ombe ndizo zinkaguza zipika kunka nazo ku mtsinje, mabwato n'kuzitsitsa ndi madzi, ndipo ulendo wotsala wa pamtunda zinkayenda pa ngolo zoyenda pa njanji yamatabwa. Koma mitengo ya m'mbali mwa mtsinje itatha, pakuti macheka sadziwa kukhuta, m'zaka za m'ma 1920 kampaniyo inayamba kuyala njanji yakeyake yolowera kumpoto chakumadzulo, imene inakafika ku Mulobezi, mtunda wa makilomita oposa 160. Nkhalangozo zinali za dziko la Barotse, ndipo msonkho wa mitengo unkaperekedwa ku boma la Litunga, mfumu ya dzikolo. Koma phindu lenileni linkatsata matabwawo kummwera, ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, ndi kutsidya kwa nyanja kumene olemera ankafuna pansi pa nyumba posaphwanyika.

Ufulu utabwera, Pulezidenti Kenneth Kaunda analankhula ku Mulungushi m'chaka cha 1968 kuti boma litenge gawo lalikulu m'makampani a alendo, ndipo Zambezi Sawmills inalowa m'manja mwa mtundu. Koma boma linalandira nkhokwe itapepuka kale. Mukusi ukula pang'onopang'ono, kotero kuti woona mbande yake sadzaona thabwa lake. Ndipo paliponse pamene mitengo ikuluikulu yagwa, ziyangoyango zotchedwa mutemwa zimakuta malowo, moto wa m'chilimwe n'kudzapsereza mbande zotsala. Lero nyumba zimene zinkasunga injini za kampaniyo ku Livingstone ndi malo oonetsera sitima zakale.

Za mitengo yobzala tinene mwachidule, ngakhale ndiyo yafolera Lusaka yense. M'zaka za m'ma 1960 boma linayamba minda ya paini ndi bulugama ku Copperbelt, ndipo m'chaka cha 1982 mindayo inaikidwa pansi pa kampani ya ZAFFICO, imene inayamba kugulitsa masheya ake pa msika wa Lusaka m'chaka cha 2020. Munthu womanga nyumba ku Chelstone akapita ku msika wa Buseko kukasankha matabwa a denga, nayang'anitsitsa ndi diso limodzi m'mphepete mwa thabwa kuti aone ngati lapindika, paini amene wagwira m'manjayo ndi chipatso cha nzeru ya masiku amenewo.

Tsono kunadza mukula. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo zoonadi palibe mfumu ya ku Luapula, ku Muchinga kapena ku chigawo cha Kummawa imene inalota kuti mtengo uja wotuluka utomoni wofiira ngati magazi, umene makolo ankangoudutsa popita kukafuna mlombwa, udzasanduka chuma choguliramo anthu ndi maudindo awo omwe. Ku China kuli mipando ndi matebulo a mitengo yofiira yotchedwa hongmu, yosemedwa motsata kalembedwe ka nthawi ya mafumu a Ming ndi Qing, imene munthu wopeza bwino amaonetsera ulemerero wake. Ndipo mitengo yotere itachepa ku Asia ndi ku Madagascar, amalonda anatembenukira kuno, kuyambira cha m'ma 2010, napeza kuti mukula ukapakidwa polishi sulekana kwenikweni ndi mitengo imene inawathera.

Ntchito yake inkayenda motere. Mnyamata wa kumudzi amalowa m'thengo ndi nkhwangwa kapena macheka, nagwetsa mtengo, nausenda khungwa ndi mnofu woyera wakunja kuti patsale mtima wofiira wokha, pakuti wogula safuna china. Kenaka iye ndi anzake amasenza chipikacho pa mapewa, kapena kuchikweza pa njinga, kufikira pamene lole ingathe kufika. Pamenepo amalandira ndalama zosakwana kugula thumba la feteleza, chipikacho n'kuyamba ulendo wodzera m'mipanda ya ku Lusaka, kumene chimalongedwa mu kontena, n'kutulukira pa Chirundu, pa Nakonde kapena pa Katima Mulilo kunka ku madoko a Durban, Beira, Dar es Salaam ndi Walvis Bay. Lamulo linkaletsa kutulutsa zipika zosacheka, koma pepala limamvera cholembera, ndipo makontena ambiri analembedwa kuti muli matabwa ocheka. Akafukufuku a CIFOR ndi IIED, m'lipoti lawo la 2018, anaonetsa kuti m'chaka cha 2016 Zambia inalemba kuti yatumiza zipika zokwana ma cubic metre pafupifupi 3,000, pamene China inalemba kuti yalandira kuchokera ku Zambia pafupifupi 61,000. Ndalama za pakati pa manambala awiriwo sizinagwe m'nyanja.

Boma linaletsa, linatsegula, linaletsanso, ndipo m'chaka cha 2017 linatseka chipata n'kupatsa ZAFFICO mphamvu yogulitsa kunja zipika zolandidwa. Koma ine ndiona kuti kuletsa kosinthasintha kotere kunapweteka wodula wa kumudzi koposa wina aliyense, popeza amene anali ndi mnzake mu ofesi anapitirira ndithu, mtengo wa chiphuphu wokha ndiwo unakwera. Kumapeto kwa 2019 bungwe la Environmental Investigation Agency linatulutsa lipoti lotchula anthu apamwamba a m'boma la nthawiyo, ndipo ena mwa otchulidwawo anakana kwamtuwagalu. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Geneva, dziko la Malawi, limene nkhalango zake zinalawa nkhwangwa yomweyo, ndilo linapempha kuti mukula ulowe m'kaundula wa mitengo yosatuluka popanda chilolezo, ndipo pempholo linavomerezedwa. M'chaka cha 2022 ku Panama anaonjezamo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zana zonsezi, mtengo wa Zambia wakhala ukutuluka usanamalizidwe, ndipo luso louonjezera mtengo wake lakhala likulipidwa kwina, chonsecho amisiri alipo. Akalipentala a ku Kalingalinga amapala mabedi ndi zitseko m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, fumbi la magalimoto likugwera pa vanishi wosauma. Ku Kabwata, m'nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene atsamunda anamangira antchito achikuda, ndipo zotsala zake zinapatulidwa m'chaka cha 1974 kukhala mudzi wa zaluso, osema amakhala pansi ndi kasemasema, kutulutsa mvuu, ng'oma ndi mbale m'zidutswa za mlombwa. Katundu wawo amapitanso kunja, koma mmodzimmodzi, m'chikwama cha mlendo amene wanenerera mtengo mpaka theka. Ndipo mlombwa wosemawo tsopano amauitanitsa kutali, ku Kaoma ndi madera ena a Kumadzulo, pa mtengo wopikisana ndi eni makontena.