Kacipangizo ka m'kamwa kothandiza anthu a mkonono kupuma bwino usiku

Pali anthu amene akangogona, nyumba yonse imadziwa. Mkonono wawo umamveka mpaka kuseri kwa khoma, ndipo ambiri timangoseka n'kumati, "Asiyeni, atopa ndi kumunda." Nthawi zambiri n'zoonadi, mkonono umangokhala phokoso basi. Koma kwa anthu ena ndi cizindikiro cakuti njira ya mpweya ikutsekeka ali m'tulo. Imodzi mwa njira zimene madokotala amathandizira anthu otere ndi kacipangizo kovala m'kamwa pogona. Kamagwira nsagwada ya m'munsi kuti ikhale itasunthira kutsogolo pang'ono usiku wonse, ndipo kamatheka kukasintha kuti kagwirizane ndi mwini wake.

Mkonono umayamba bwanji?

Tikamapuma, mpweya umalowa m'mphuno kapena m'kamwa, n'kudutsa kummero kuseri kwa lilime, kenako n'kutsikira m'mapapo. Kanjira ka kuseri kwa lilime kameneka ndi ka mnofu wofewa, ndipo kamakhala kotseguka cifukwa minofu yozungulira imakakoka. Munthu akagona tulo, minofuyo imafooka monga mmene thupi lonse limafookera. Nsagwada imagwera pansi, lilime limabwerera m'mbuyo, makamaka ngati wagona cagada, ndiye kanjira kaja kamacepa. Mpweya ukamadzipanikiza kudutsa pamalo opapatiza, umagwedeza mnofu wofewa wa kumwamba kwa m'kamwa pamodzi ndi kanyama kolendewera kaja. Phokoso la kugwedezekako ndilo timati mkonono.

Zinthu zimene zimakulitsa vutoli ndi kunenepa kwambiri, khosi lalikulu, kumwa mowa madzulo, mankhwala ogonetsa, fodya, mphuno yotsekeka, cibwano cacing'ono cobwerera m'mbuyo, ndiponso ukalamba. Limapezeka kwambiri mwa abambo, koma amayi nawonso limawaculukira akasiya kusamba.

Kubanika m'tulo

Nthawi zina kanjira kaja sikangocepa, kamatsekekeratu. Munthu amene amaliza mkonono uja amangoti zii. Cifuwa cikuyesa kukoka mpweya, koma palibe cikulowa. Pakapita kanthawi ubongo umamudzidzimutsa, amakoka mpweya mwamphamvu ngati wotsamwa, n'kuyambiranso mkonono. Mwini wake kawirikawiri sakumbukira ciliconse m'mawa. Amene amadziwa ndi mkazi kapena mwamuna wogona naye.

Vuto limeneli pa Cipwitikizi limachedwa apneia do sono. Dokotala Christian Guilleminault ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford, ku America, ndiwo analifotokoza mwatsatanetsatane m'zaka za m'ma 1970. Madokotala amawerenga nthawi iliyonse imene munthu wasiya kupuma, kapena wapuma mocepa kwambiri, kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Zikacitika maulendo 5 mpaka 14 pa ola limodzi, amati vutolo ndi locepa. Maulendo 15 mpaka 29 ndi lapakatikati. Kuyambira maulendo 30 pa ola, ndi lalikulu.

Si matenda a anthu ocepa ayi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo mwa iwo 425 miliyoni ali nalo lapakatikati kapena lalikulu. Munthu wotere amadzuka wotopa ngakhale wagona usiku wonse, mutu umamupweteka m'mawa, amaiwalaiwala, ndipo amasinza masana. Pakapita zaka, kubanikako kumawonjezera ngozi ya kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Kwa woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, kusinza kwa masekondi owerengeka n'kokwanira kupha anthu.

Mmene kacipangizoka kamagwirira nchito

Lilime silimangokhala m'kamwa popanda comangirira. Mnofu wake waukulu unamera pa fupa la nsagwada, mkati mwa cibwano. Ndiye nsagwada ikapita kutsogolo, lilime nalo limatsatira, minofu ya m'mbali mwa mmero imakungika, ndipo kanjira ka mpweya kamakula. Madokotala ogonetsa anthu pa opaleshoni akhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. Munthu wokomoka akamavutika kupuma, amamukankhira nsagwada kutsogolo ndi zala.

Mungathe kuyesa nokha. Yesani kuliza mkonono muli maso. Tsopano kankhirani mano a m'munsi kutsogolo kuti apitirire a m'mwamba, n'kuyesanso. Anthu ambiri amaona kuti ulendo waciwiriwu phokoso silituluka bwino.

Kacipangizoka kamacita zomwezo, koma usiku wonse. Kali ndi mbali ziwiri za pulasitiki yolimba. Ina imavala mano a m'mwamba, ina mano a m'munsi. Mano a m'mwamba ali pa fupa losasuntha, conco amakhala ngati cikhomo comangirirapo. Mbali ziwirizi zimalumikizana mwa njira yoti ya m'munsi isabwerere m'mbuyo. Kalumikizidwe kake kamasiyana. Tina tili ndi kambedza kutsogolo kamene kamasunthidwa ndi kasikuluwu, kaja ambiri kuno timati parafuso. Citsanzo ndi ka mtundu wa TAP. Tina, monga SomnoDent, tili ndi timapiko m'mbali timene timatsamira pa kacidutswa ka mbali ya m'mwamba. Tina tili ndi timipiringidzo tacitsulo tolowetsana, ndipo tina tili ndi timalamba totanuka tosiyana kutalika.

N'cifukwa ciani kamafunika kusinthasintha?

Apa ndiye pagona nkhani. Nsagwada ya munthu wamkulu imatha kupita kutsogolo pafupifupi sentimita imodzi, wina kupitirira, wina kucepera. Mukaikankha pang'ono cabe, mmero sutseguka mokwanira ndipo kubanika kumapitirira. Mukaikankha kwambiri tsiku loyamba, polumikizira nsagwada pafupi ndi khutu pamapweteka, ndipo munthu amavula kacipangizoko pakati pa usiku n'kukaponya pansi pa bedi. Malo oyenera ali pakati pa ziwirizi, ndipo munthu aliyense ali ndi ake.

Conco dokotala wa mano amayamba wayeza mtunda umene nsagwada yanu ingafike. Amadinda mano anu pa cinthu cofewa, kapena amawajambula ndi kamera ya m'kamwa, kuti kacipangizoko kapangidwe molingana ndi mano anuwo. Poyamba amakaika pafupifupi pa theka la mtunda uja kapena kupitirira pang'ono. Mukazolowera, amayamba kuwonjezera pang'onopang'ono, theka la milimita kapena milimita imodzi, n'kudikira masiku angapo. Amafunsa: mkonono wacepa? Mukudzuka bwanji m'mawa? Nsagwada ikupweteka? Ngati ikupweteka, amabweza m'mbuyo pang'ono. Nchito imeneyi imatenga milungu ingapo, nthawi zina miyezi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa ndi pomwepo.

Pamapeto pake pamafunika kuyezanso tulo, munthuyo atavala kacipangizoko. Cifukwa cake n'cakuti mkonono ungathe kuleka koma kubanika kukadalipo. Phokoso likatha apabanja amasangalala, pamene mtima wa wodwalayo ukuvutikabe.

Kanacokera kuti?

Mu 1902 dokotala wa ku France dzina lake Pierre Robin anapanga kacipangizo ka cidutswa cimodzi kokankhira nsagwada kutsogolo, kothandiza ana a cibwano cacing'ono. Mu 1909 Emil Herbst wa ku Germany anaonetsa ka timipiringidzo tolowetsana, colinga cake cili kukonza kalumidwe ka mano. Kugwiritsa nchito tizipangizo totere pa anthu akuluakulu obanika m'tulo kunayamba kufala m'zaka za m'ma 1980. Toyambato tinali ta cidutswa cimodzi, ndipo kuti musinthe mtunda pamafunika kupanga katsopano. Ta mbali ziwiri tinabwera kudzathetsa vuto limenelo.

Mu 2015 mabungwe awiri a ku America, American Academy of Sleep Medicine ndi American Academy of Dental Sleep Medicine, anatulutsa malangizo a pamodzi. Analangiza kuti kacipangizo kakhale kopangira munthu mmodzi molingana ndi mano ake, ndiponso kotheka kusintha. Analangizanso kuti dokotala wa mano azimuona munthuyo kawirikawiri, ndipo tulo take tiyezedwenso.

Kusiyana kwake ndi makina a CPAP

Njira ina yodziwika kwambiri ndi makina ochedwa CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Sydney, Australia, anawalengeza mu 1981. Amauzira mpweya m'mphuno kudzera m'paipi ndi cophimba kumaso, ndipo mpweyawo umatsegula mmero monga mmene mpweya umafufumitsira cubu ca njinga. Pa kuthetsa kubanika, CPAP imaposa kacipangizo ka m'kamwa, n'cifukwa cake ndiyo imayambira kuperekedwa kwa munthu wa vuto lalikulu.

Koma makinawo amafuna magetsi usiku wonse, ndipo anthu ambiri amatopa nawo n'kuwasiya. Kacipangizo ka m'kamwa sikafuna magetsi, sikacita phokoso, ndipo kamakwana m'thumba la malaya. Anthu ambiri amakavala maola oculuka kuposa mmene amavalira CPAP. Kamayenera kwambiri munthu wa mkonono wokha, wa vuto locepa kapena lapakatikati, ndi amene walephera kupirira makina. Komabe sikathandiza aliyense. Ena amacira kwathunthu kubanikako akakavala, ena kumacepa kwambiri, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu sathandizika mokwanira. Kamagwira bwino kwa munthu wosanenepa kwambiri ndi amene amabanika makamaka akagona cagada. Dziwaninso kuti kamagwira nchito usiku umene mwakavala wokhawo. Mukakasiya, vuto limabwerera.

Amene sayenera kukavala

Kacipangizoka kamagwira pa mano, ndiye mano ayenera kukhala olimba ndi okwanira. Madokotala ambiri amafuna mano osacepera 8 m'mwamba ndi 8 m'munsi. Munthu wa mano ogwedera, a mbola zosatseka kapena wa nkhama zotupa ndi zotuluka magazi ayenera kuyamba wacira. Sikayeneranso munthu amene nsagwada imamupweteka kale kwambiri kapena imakana kupita kutsogolo. Mwana woliza mkonono musamugulire kacipangizo ka akuluakulu. Kwa ana, coyambitsa nthawi zambiri ndi kukula kwa timinofu ta kummero ndi ta kuseri kwa mphuno, ndipo cithandizo cake n'cina.

Pa intaneti ndi m'masitolo ena a mankhwala amagulitsa tina totsika mtengo, timene umaviika m'madzi otentha n'kuluma kuti titenge maonekedwe a mano. Timeneti sitigwira mano bwino, timavuka usiku, ndipo sitithandiza mofanana ndi topangidwa ndi dokotala. Ngozi yake yaikulu ndi yakuti munthu amadziona ngati wacira asanayezedwe n'komwe.

Zovuta zimene zimabwera

Masiku oyamba malovu amaculuka, kapena m'kamwa mumauma. Mano amamveka kuwawa pang'ono ndipo nsagwada imakhala yolema m'mawa. Ambiri akavula amaona ngati mano a m'mbuyo sakukumana bwino. Zimenezi zimatha pakapita mphindi zingapo kapena ola, ndipo madokotala ena amapereka kacidutswa koluma m'mawa kobwezera nsagwada pamalo pake. Ululu ukapitirira masiku angapo, musalimbe mtima n'kumapirira. Bwererani kwa dokotala.

Vuto la nthawi yaitali ndi kusuntha kwa mano. Pakapita zaka, mano a kutsogolo a m'munsi amapendekera kutsogolo pang'ono ndipo a m'mwamba amapendekera m'mbuyo, mwina milimita imodzi kapena awiri. Mwini wake sangazindikire msanga. N'cifukwa cake amayenera kukaonedwa pakatha miyezi 6 caka coyamba, kenako kamodzi caka ciliconse.

Kasamalidwe kake

Tsukani mano musanakavale. M'mawa katsukeni ndi madzi ozizira, mswaci wofewa ndi sopo pang'ono. Madzi otentha amakapinda. Kaumitseni, kenako kasungeni m'kabokosi kake, patali ndi dzuwa, moto, ana ndi agalu, pakuti agalu amakakonda cifukwa ca fungo la malovu. Musabwereke mnzanu, ndipo musapotoze kasikuluwu mopitirira mmene dokotala wanenera. Kosamalidwa bwino kamakhala zaka zingapo.

Poyambira ndi pati?

Ngati wa m'nyumba mwanu amati zii pakati pa mkonono, amadzuka ngati wotsamwa, kapena amasinza pa nchito, pa msonkhano ngakhale pa ciwongolero, pitani naye ku cipatala. Amene amagona naye apite nawo, cifukwa ndiye mboni. Kujambula mawu ake pa foni usiku kumathandiza dokotala kumva zimene zimacitika. Pemphani kuti ayezedwe kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo ngati pakufunika kuyeza tulo, funsani kumene angakutumizeni. M'zipatala zathu za Mozambique, mbali yoona za mano ndi nsagwada imalembedwa kuti Estomatologia. Kumeneko ndi kumene angaone ngati mano ndi nkhama zili zolimba moti zingagwire kacipangizo kotere.

Podikira zonsezi pali zimene munthu angayambe lero lomwe popanda ndalama: kugona cammbali, kuleka mowa madzulo, kusiya fodya, kucepetsa thupi ngati lakula, ndi kupewa mankhwala ogonetsa amene dokotala sanalembe. Ndipo amene tulo timamugwira masana asayendetse galimoto kapena njinga yamoto mpaka ataonana ndi dokotala.