Kuchokera pa Kufulasha Kufika pa Msika wa M'manja

Ambiri mwa ife tidakula m'nyengo imene lamya inali ya ku positi ofesi, m'maofesi a boma ndi m'nyumba za anthu ochita bwino. Uthenga wa maliro unkafika pa telegalamu kapena m'kalata, nthawi zina malemu atagona kale. Lero mayi ali kumudzi amatiimbira ali kumunda, khasu lili pambali. N'koyenera kuti tikumbutsane momwe zidayendera, pakuti ndalama zimene timakhetsera thukuta kunja kuno zimadutsa m'njira yomweyi.

Kampani yoyamba ya foni za m'manja m'Malawi, TNM, idakhazikitsidwa mu 1995 mogwirizana ndi Telekom Malaysia. Mu 1999 kudabwera Celtel, ya Mo Ibrahim, mbadwa ya ku Sudan. Poyamba foni inali ya mabwana. Chidasintha zinthu ndi khadi la mayunitsi: munthu ankagula molingana ndi kangachepe kamene ali nako, n'kukala, n'kuimba. Wosowa foni ankakaimbira pa katebulo ka m'mphepete mwa msewu. Wosowa mayunitsi ankangofulasha, ndipo ife tikudziwa bwino amene ankabweza foniyo.

Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Timakwacha ta anthu wamba tidakula mpaka mu 2005 Celtel idagulidwa ndi kampani ya MTC ya ku Kuwait pa mtengo wa madola 3.4 biliyoni. Dzina lidasintha kukhala Zain mu 2008, ndipo mu 2010 idagwa m'manja mwa Bharti Airtel ya ku India.

Kenaka foni idasanduka chikwama. Mu 2007 Safaricom idayambitsa M-Pesa ku Kenya. Kwathu Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013. Agogo amene sadapondepo m'banki adayamba kutapa ndalama kwa ejenti wa pamsika. Amene tinkapatsira ndalama kwa munthu wopita kumudzi, mtima uli m'mwamba, tidapuma.

Ndalama zitayamba kuyenda pafoni, ambiri adayesa kuti kugula katundu pa intaneti kufalikira mwamsanga. Jumia, imene idayambira ku Lagos mu 2012, idafika m'mayiko angapo a mu Africa, ndipo mu 2019 idalowa pa msika wa masheya wa ku New York. Koma chaka chomwecho idatseka malonda ake ku Cameroon ndi ku Tanzania, ndipo mu 2024 idachokanso ku South Africa ndi ku Tunisia. Zovuta zake si zachilendo kwa ife. Katundu amafuna adiresi, pamene nyumba zambiri zimadziwika ndi mtengo wa mango kapena chigayo choyandikana nacho. Dzinja likafika misewu imaduka. Wogula naye safuna kulipira chimene sadachigwire, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. N'chifukwa chake Jumia inkalola anthu kulipira katundu atafika pakhomo, ngakhale kuti njirayi ndi yodula kwa wogulitsa.

Kwathu msika wa pa intaneti udamera mwakachetechete, popanda kampani yaikulu. Mayi wa ku Limbe amajambula zitenje n'kuziika pa WhatsApp kapena pa Facebook. Wogula amalipira pafoni, mtolo n'kunyamulidwa ndi wakabaza kapena kukwezedwa basi yopita ku Mzuzu. Adiresi yake ndi nambala ya foni, ndipo chikole chake ndi mbiri ya wogulitsayo pakati pa anthu omudziwa.

Tikamacheza pa misonkhano yathu sitilephera kumva wina akulakalaka kutsegula bizinesi kumudzi yofanana ndi zimene timaona kuno. Maganizowo ndi abwino, koma ndalama zathu n'zopeza movutikira, ena a ife tikuchezera usiku pantchito. Mbiriyi ikutionetsa kuti zimene zidazika mizu ndi zimene zidatsata mmene anthu athu amagulira: pang'onopang'ono, pafupi, ndiponso kwa munthu womudziwa. Choncho tisanatumize mpamba, tiyambe tafunsa: wogula alipira bwanji, katundu amupeza pati, nanga atikhulupirira chifukwa chiyani?