Kodi Agona Zaka Zingati? Mbiri ya Vinyo Wofiira ku Mapiri a Angónia

Angoni a Maseko atakhazikika m'mphepete mwa phiri la Domwe ku Angónia, m'dziko la Mozambique, cha m'ma 1870, poyamba pansi pa Chidyaonga kenako Chikuse, chakumwa cha pamwambo chinali mowa wamasese. Moyo wa mowa umenewu umawerengedwa m'masiku. Amayi amaphika phala la ufa, kuthira chimera cha mawere, kulisiya ligone, kuliphikanso, kuthiranso chimera, mpaka tsiku lokuntha. Pakati pa masiku amenewa pali kamphindi kamene ine ndimati ndiye mutu wa luso lonse. Mayi wofulula amavundukula mbiya m'mamawa, kutunga pang'ono ndi chipanda, kununkhiza, kupsontha, n'kukhala chete. Zimene zili m'kamwa mwakezo si mowa ayi, zikadatsekemera ngati thobwa. Koma iye amatembenuka n'kunena kuti, "Uwu upsa mawa madzulo, itanani anthu a dima mkuja." Kapena amagwedeza mutu: "Chimera chachepa, ukangogona kawiri usasa."

Munthu amene amalawa vinyo wofiira wa chaka chatha n'kunena kuti adzakoma pakatha zaka khumi amachita ntchito yomweyi. Amalawa chinthu chosatha kupsa n'kumva kumene chikupita. Kusiyana kwake ndi kutalika kwa nthawi basi. Komabe vinyo anatenga zaka zoposa 100 ali m'dera lino anthu asanayambe kumufunsa funso limeneli, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya vinyo amene ankatumizidwa kuno.

Ngakhale ku Ulaya komweko, kusunga vinyo m'botolo zaka zambiri si nkhani yamakedzana monga ambiri amaganizira. Kwa nthawi yaitali vinyo ankakhala m'migolo yamatabwa, ndipo mgolo ukangotsegulidwa mpweya unkalowa, vinyo n'kuyamba kusasa. Watsopano ndiye ankagulidwa mtengo wabwino. Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1600, pamene botolo lagalasi lolimba linakumana ndi chitsekerero cha khungwa la mtengo wa cork, umene umamera kwambiri ku Portugal. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mabotolo anasiya kukhala ofufuma mimba n'kukhala owongoka, oti angathe kugonekedwa cham'mbali kuti chitsekerero chizikhala chonyowa. Amalonda a ku Porto, amene pangano la Methuen la 1703 linawatsegulira msika wa ku England, anazoloweranso kuthira mowa wotcheza mu vinyo wa ku Douro kuti asaonongeke panyanja. Kenako mu 1866 Louis Pasteur anatulutsa buku lake la za vinyo, losonyeza kuti chimene chimasandutsa vinyo kukhala viniga ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kuti mpweya wochepa umakhwimitsa vinyo pamene wochuluka umamupha.

Anthu oyamba kuda nkhawa ndi zimenezi kumtunda kuno anali ansembe. Ajezuwiti, amene anali kale ku Boroma pafupi ndi Tete kuyambira 1885, anakwera kumapiri n'kutsegula mishoni ya Lifidzi chaka cha 1910 chisanafike. Malamulo a Mpingo wa Katolika amanena kuti vinyo wa Misa akhale wa mphesa zenizeni ndiponso wosaonongeka. Tangoganizani ulendo wake: sitima yapamadzi kuchokera ku Ulaya, kukwera mtsinje wa Zambezi, kudutsa m'ng'anjo ya Tete kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, kenako pamitu ya amtengatenga kukwera zitunda. Wansembe ankayenera kulawa katundu akangofika n'kuona ngati afika chaka chamawa. Sanali kufuna kukoma, ankangofuna kuti vinyo asafe katundu wina asanabwere. Boma latsopano la ku Lisbon linathamangitsa Ajezuwiti pambuyo pa 1910. Anabwereranso mu 1941, n'kutsegula Fonte Boa mu 1945. Pofika nthawi imeneyo mlatho wa sitima wa Dona Ana unali utatha mu 1935, ndipo mu 1949 njanji inafika ku Moatize. Ulendo unafupika, koma kutentha kwa chigwa sikunachoke.

Vinyo wa kuguwa anali madontho chabe. Amene anasefukira m'dziko anali wa mtundu wina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 alimi a ku Portugal anali ndi vinyo wambiri wosowa wogula. Dziko la France, limene linkagula kwa iwo pamene minda yake inatha ndi kachilombo ka phylloxera, linali litabzalanso mphesa zake. Maso a amalonda anatembenukira ku maiko a ku Africa amene Apwitikizi ankalamulira. Mu 1902 kunatuluka lamulo loletsa anthu a kummwera kwa mtsinje wa Save kufulula ndi kutcheza mowa wawo, ndi cholinga choti ndalama za obwerera ku migodi ya ku Joni zithere m'makantini ogulitsa vinyo. M'nyumba zosungiramo katundu za ku Poço do Bispo ku Lisbon ankasakaniza vinyo wotsika, kumuthira mowa waukali kuti apirire ulendo ndiponso kuti aziledzeretsa msanga. Akafika kuno, eni makantini ena ankamuthiranso madzi. Wolemba mbiri José Capela analemba buku la malonda amenewa mu 1973, ndipo dzina lake, O Vinho para o Preto, ndi mawu amene amalondawo ankagwiritsa ntchito: vinyo wa munthu wakuda.

Zimandipweteka kuganiza kuti ambiri mwa agogo athu anadziwira vinyo pamenepa. Msika waukulu unali kummwera, koma kantini inafika paliponse pamene panali boma ndi msewu, kuphatikizapo Vila Coutinho, imene lero ndi Ulónguè. Chizindikiro chake chinali garrafão, chibotolo cha malita asanu cholukiridwa kunja, chimene chikatha vinyo chinkasanduka chosungira palafini kapena kachasu. Vinyo wa m'menemo sanapangidwe kuti akhwime. Ankatsegulidwa, kuthiridwa m'makapu, n'kutha. Funso lakuti adzakoma liti linalibe malo, pakuti yankho linali lakuti sadzakomanso kuposa lero. Anthu sanasiye masese awo ndi kachasu, ngakhale asipayi, apolisi a boma, ankaswa mbiya.

Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975, eni makantini ambiri anachoka. Minda ikuluikulu inalowa m'manja mwa boma pansi pa kampani ya zaulimi ya CAIA, imene inkalima chimanga, mbatata ya kachewere ndi zipatso. Vinyo anasanduka chinthu cha m'masitolo a ndalama zakunja ku Maputo. Nkhondo yapachiweniweni itafika, midzi yathunthu inawolokera ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo mpaka pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992 panalibe amene akanagoneka botolo pansi n'kunena kuti adzalitsegula mwana akadzakula. Kusunga vinyo kumafuna munthu wokhulupirira kuti nyumba yake idzakhala pomwepo zaka khumi zikubwerazo.

Zimene tili nazo lero zinabwera ndi misewu ndi malasha. Mgodi wa Vale utayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, mzinda wa Tete unadzaza alendo ndi masitolo, ndipo katundu wa kumeneko amakwera mpaka ku Ulónguè ndi ku chipata cha Calómuè. Pa shelefu pamakumana maiko awiri. Pali vinyo wa ku Portugal, wa ku Alentejo, Dão ndi Douro, ndipo pali wa ku South Africa, kumene mphesa zinafinyidwa koyamba pa 2 February 1659 ndiponso kumene Abraham Perold anakweretsa mitundu iwiri mu 1925 n'kupeza Pinotage. Wogulidwa kwambiri ndi wa m'katoni, wa kathumba kokhala ndi kampopi, njira imene inayambira ku Australia m'ma 1960. Ameneyu ndi wa paukwati ndi pa Khirisimasi, ndipo palibe cholakwa naye bola amwedwe m'miyezi yochepa. Koma kwa nthawi yoyamba m'mbiri yonseyi, mphunzitsi kapena mlimi wa mbatata wa ku Tsangano amene zokolola zamuyendera angathe kugula botolo limene lingayankhe funso lija. Vuto ndi lakuti pafalikira chikhulupiriro choti vinyo aliyense akakalamba amakoma. Si zoona. Vinyo wochuluka wa padziko lapansi amapangidwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kumusunga kupitirira apo ndi kumuononga.

Ndiye amadziwika bwanji? Thirani pang'ono m'tambula yoyera bwino, muipendeketse pamwamba pa pepala loyera. Vinyo wamng'ono amakhala wakuda pakati, m'mphepete mwake mofiirira mopita ku mtundu wa jambula. Akamakula, mphepete imeneyo imatembenukira ku mtundu wa njerwa. Botolo la chaka chatha likakhala kale ndi mphepete yanjerwa, dziwani kuti linapsa ndi dzuwa panjira kapena mpweya unalowa. Kenako nunkhizani, mugwedeze tambula, mununkhizenso. Fungo likhale la zipatso zakupsa, losasakanikirana ndi la viniga kapena la katoni yonyowa, limene limachokera ku chitsekerero chodwala. Vinyo wina wabwino amabisa fungo akadali wamng'ono, musamuweruze mwachangu.

Mlandu weniweni uli m'kamwa. Imwani pang'ono, muyendetse m'kamwa monse musanameze. Mudzamva nkhama ndi lilime zikuuma ndi kukhakhala, monga zimachitira munthu akaluma nthochi yosapsa. Zimenezo zimachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndiponso ku matabwa a mgolo. Odziwa amazitcha tannin. Ndiye mafupa a vinyo. Zaka zikamapita tizidutswa take timagwirana n'kugwera pansi pa botolo ngati matsokwe akuda, ndipo vinyo amafewa. Chachiwiri ndi kuwawasa kumene kumatulutsa malovu m'mbali mwa lilime. Kumeneko ndiko kumasunga vinyo kuti asafooke. Wopanda kuwawasa amakoma lero, koma pakatha zaka zitatu amakhala wozizira m'kamwa, wopanda moyo. Chachitatu, chimene ambiri amaiwala, ndi kuchuluka kwa chipatso. Ngati pansi pa kukhakhala kuja mulibe kukoma kokhuthala kwa mphesa, kudikira sikungabweretse chimene kulibe: tannin adzafewa koma m'botolo mudzatsala madzi owawa. Mukameza, werengani mumtima nthawi imene kukoma kukukhalabe. Kukangozimirira pomwepo, imwani botololo chaka chomwecho. Kukakhalitsa, kumasinthasintha pakhosi, pali chiyembekezo. Ndipo ngati chimene chatsala ndi kutentha kwa mowa kokha, vinyoyo sanalingane, ndipo zaka sizidzamukonza.

Pali kayesedwe kena kosafuna ukatswiri, kamene ndimakakhulupirira kwambiri. Tsekani botolo lomwedwa theka, muliike pamalo pozizira, mudzalawenso mawa lake. Mpweya wa usiku umodzi umaonetsa pang'ono zimene zaka zidzachita. Vinyo wofooka amadzuka atatha mphamvu. Wa mphesa za Baga wa ku Bairrada, wa Touriga Nacional wa ku Dão, kapena Cabernet Sauvignon wabwino wa ku Stellenbosch, kawirikawiri amadzuka atatseguka, fungo litachuluka, kukhakhala kutachepa. Ameneyo ndi woyenera kumugulira anzake awiri kapena atatu ndi kumatsegula limodzi pakapita zaka zingapo.

Pa kusunga, Angónia ali ndi mwayi umene Tete alibe. Vinyo amafuna mdima, bata ndi kuzizira kosasinthasintha, cha m'ma madigiri 12 mpaka 14. Ulónguè ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo chipinda cham'kati cha nyumba yanjerwa, kutali ndi khitchini ndi malata, chimayandikirako pamenepo m'miyezi yozizira. Mwezi wa October ndiwo mdani. Choopsa kwambiri chimachitika botolo lisanafike m'manja mwanu, pamene lakhala m'lole padzuwa la kuchigwa kapena pawindo la sitolo. Yang'anani kukhosi kwa botolo: ngati chitsekerero chatukuka, kapena pali mzere womata wa vinyo amene anadontha, lisiyeni.

Funso limene alimi amafunsa ndi lakuti, nanga dera limene limabereka mapichesi, tirigu ndi mbatata lingalephere bwanji mphesa? Yankho ndi mvula. Kummwera kwa dziko lapansi mpesa umaphuka mu September ndipo zipatso zimapsa pakati pa January ndi March. Ku Cape imeneyo ndi miyezi youma. Kuno ndi pakati pa dzinja: mphesa zimamwa madzi n'kusukuluka, masamba amagwidwa chiwawu, ndipo makoko safika pokhwima bwino kuti apereke tannin wosunga vinyo. N'chifukwa chake vinyo wopangidwa m'chigawo chino, monga wa Linga ku Lilongwe, ndi wa zipatso zina monga jambula, mapulamu ndi chidede. Ku Dodoma ku Tanzania, kumene amishoni anabweretsa mphesa m'ma 1930, zinatheka chifukwa kumeneko ndi kouma.

Komabe nkhaniyi siinatsekeke. Kumapiri a kummwera kwa Minas Gerais ku Brazil nyengo ndi yofanana ndi yathu: mvula m'miyezi yotentha, kenako miyezi youma ya dzuwa masana ndi chisanu usiku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri a bungwe la EPAMIG anayamba kudulira mpesa kawiri pachaka, cha mu August ndiponso cha mu January, kuti zipatso zizipsa mu June ndi July mvula itatha. Mphesa za Syrah zinavomera, ndipo vinyo wake wofiira ali ndi mtundu, kuwawasa ndi tannin zokwanira kugona m'botolo. Anthu ake amalankhula Chipwitikizi, ndipo zimene analemba angathe kuziwerenga mlangizi aliyense wa zaulimi ku Ulónguè. Mpesa umayamba kubereka bwino m'chaka chachitatu kapena chachinayi, choncho amene angayese pa kamunda ka m'munsi mwa Domwe ayenera kukhala ndi madzi othirira m'chilimwe, mitengo ndi mawaya okwezapo mpesa, ndi mbewu ina yomudyetsa podikira.