Mwera, madzi ofunda ndi chakudya cha usipa

Anzanga a kunyanja, usipa ukachepa timathamangira kunena za maukonde a udzudzu ndi kuchuluka kwa chilimila. N'zoona, sindikutsutsa. Koma pali mbiri ina imene sitiikamba padoko.

Mu 1939 boma la atsamunda linatumiza akatswiri kudzafufuza nsomba za m'nyanja yathu. Mmodzi mwa iwo anali mayi Ethelwynn Trewavas. Zaka zomwezo anayambanso kuyeza kutentha kwa madzi akuya. Mu 2005 Martin Vollmer ndi anzake atayerekeza miyezo yakaleyo ndi yatsopano, anapeza kuti madzi apansi afunda ndi madigiri pafupifupi 0.7 m'zaka 60. Iwo anati nyengo yozizira yafooka, ndiye madzi ozizira amene ankamira pansi achepa.

Mwina mukuti 0.7 n'chiyaninso? Tamverani.

Chakudya chonse cha m'nyanjamu chimayambira pa ndere yaing'ono kwambiri, yosaoneka ndi maso. Imatenga mpweya wa carbon dioxide ndi kuwala kwa dzuwa n'kupanga thupi lake, ngati mmene chimachitira chimanga kumunda. Tizilombo ta m'madzi timadya ndereyo, usipa umadya tizilomboto, ncheni n'kudya usipa. Chambo ndiye chimadya ndereyo mwachindunji. Koma ndere imafunanso manyowa, ndipo manyowawo ali pansi, kumene kumamira zonse zakufa. Nyanjayi pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Madzi ofunda ndi opepuka, amakhala pamwamba ngati chivundikiro cha mphika. Amene amasegulako chivundikirocho ndi mwera uja timautukwana mu Juni ndi Julaye. Umakankhira madzi ofunda kumpoto, ozizira a manyowa n'kukwera kummwera. N'chifukwa chake mbali ya Mangochi ili ndi nsomba zambiri. Mphepo yotigonetsa kumtunda ndi yomweyonso imatilimira munda, eti.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nyanja ya Tanganyika, m'bale wake wa yathuyi. Kumeneko madzi apamwamba afunda msanga kuposa apansi, chivundikiro chalimba. Mu 2003 Catherine O'Reilly ndi anzake anati ndere mwina yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, zomwe zingachepetse nsomba ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse. Ena anatsutsa, ati vuto ndi asodzi basi. Mu 2016 Andrew Cohen ndi anzake anafukula matope apansi pa nyanjayo, mmene muli mafupa ndi mamba a nsomba zakale. Anapeza kuti nsomba zinayamba kuchepa usodzi waukulu wamalonda usanayambe m'ma 1950.

Kwathu kuno kwawonjezekanso nkhani ya mitsinje. Pamathiriro a Linthipe nthawi ya dzinja madzi amafiira ndi dothi la m'minda ya kumtunda. Dothilo limabweretsa manyowa ndithu, koma limatchinganso dzuwa, ndipo ndere ya pamiyala imene mbuna zimadya imakwiririka ndi matope.