Mtundu ndi Chiyankhulo: Zimene Ofufuza a Rhodes-Livingstone Anaphunzira Kumudzi ndi Kumigodi

M'chaka cha 1946 a Max Gluckman, amene pa nthaŵiyo anali mkulu wa Rhodes-Livingstone Institute ku Northern Rhodesia, anatenga ofufuza atsopano a bungwelo napita nawo ku midzi ya Alamba, kufupi ndi Ndola. Bungweli linakhazikitsidwa ku Livingstone m'chaka cha 1937 kuti lizifufuza za kakhalidwe ka anthu a chigawo chino cha Africa. Achinyamatawo, mwa iwo a Clyde Mitchell ndi a John Barnes, anali ataŵerenga mabuku ochuluka, koma ntchito ya kumudzi anali asanaizoloŵere. Tsono anaiphunzira monga mmene mwana wa mmisiri aphunzirira kusula, poonerera ndi pogwira yekha nyundo. Ankayenda khomo ndi khomo kuŵerenga anthu, kulemba mibadwo ya mabanja, ndi kufunsa za amuna amene anapita kukagwira ntchito kutali. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 1950 m'lipoti lotchedwa The Lamba Village.

Atachoka kumeneko anamwazikana. A Mitchell anadza ku Nyasaland pakati pa Ayao, a Max Marwick anakakhala ndi Acheŵa a kummaŵa kwa Northern Rhodesia, ndipo a Barnes anapita kwa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Angoniwo ankanyadira ungoni wawo ndi mbiri ya nkhondo za makolo awo, komatu pakhomo ankayankhula Chinsenga. Munthu woŵerenga mitundu akadalemba yankho lina, woŵerenga ziyankhulo lina, ndipo onse aŵiri akadakhala kuti anena zoona.

Nkhaniyi inaonekera bwino kumigodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 a Mitchell anachita kalembera wa anthu a m'matauni a Copperbelt, ndipo ali ku Luanshya anachita chidwi ndi gule wa kalela, amene anamufotokoza m'kabuku ka The Kalela Dance ka 1956. Ovina amene anawatsata anali Abisa, ovala mwaudongo ngati azungu, ndipo nyimbo zawo zinali zotama kwawo ndi kunyogodola mitundu ina. Koma ankaimba m'Chibemba cha m'tauni, chimene khamu lonse loonerera linkamva. Anaonanso kuti anthu a m'tauni ankaphatikiza mitundu yambirimbiri pansi pa maina akuluakulu oŵerengeka, kotero kuti Mcheŵa kapena Mnsenga ankatha kungotchedwa Mngoni chifukwa chochokera kummaŵa. Dzina limene munthu apereka kwa womufunsa limadalira malo amene ali ndi yemwe akumufunsayo. Zoterezi pepala la mafunso palokha silikadazigwira. 

Pano tiyenera kutchula chimene mabuku a nthaŵiyo sanachimveketse. Malipoti ankalembedwa m'Chingerezi, koma kucheza kwenikweni ndi anthu kunkachitika m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'ziyankhulo zina, ndipo kaŵirikaŵiri amene ankakuchita anali othandizira a Chiafirika. Iwoŵa ndiwo ankasankha mawu ofunsira. Aliyense wodziŵa Chicheŵa adziŵa kuti funso lakuti "Ndinu mtundu wanji?" silili ndi khomo limodzi: wina ayankha kuti ndi Mcheŵa, wina atchula mfunda wake, Phiri kapena Banda, wina anena dziko lake. Wofunsa akapanda kupirira, tebulo la manambala lituluka looneka laukhondo koma litasanganiza zinthu zitatu. Maina a othandizirawo sanaoneke pa zikuto za mabuku, ndipo zinatengera buku la a Lyn Schumaker la 2001, Africanizing Anthropology, kuti ntchito yawo ifotokozedwe mokwanira.

Okonza za ziyankhulo anachedwa kulandira phunziroli. Ku Zambia mawu akuti dzikolo lili ndi ziyankhulo 73 anafala kwambiri, pamene nambalayo inachokera pa mndandanda wa mitundu. A Mubanga Kashoki, amene pamodzi ndi a Sirarpi Ohannessian anakonza buku la Language in Zambia la 1978, analimbikira kusonyeza kuti ambiri mwa mayankhulidwe ameneŵa ndi nthambi zomvana za ziyankhulo zochepa.

Ku Malaŵi kalembera wa 1966 anachita bwino pofunsa mafunso aŵiri osiyana. Anapeza kuti anthu 50.2 pa 100 alionse ankayankhula Chinyanja pakhomo, ndipo 76.6 pa 100 ankachimva. Patapita zaka ziŵiri, m'chaka cha 1968, chiyankhulochi chinasankhidwa kukhala cha dziko lonse pa dzina la Chicheŵa. Kalembera wa 1998 analemba Chicheŵa ndi Chinyanja monga ziyankhulo ziŵiri, china 57.2 china 12.8 pa 100, zimene zisonyeza kuti oyankha ambiri ankatchula dzina limene ankadziŵika nalo kwawo. Wa 2018 anaŵerenga mitundu napeza Acheŵa 34.4 pa 100. Wolemba ndondomeko ya chiyankhulo chophunzitsira ana a Sitandade 1 ku Mulanje akatsegula tebulo la mitundu limenelo apeza Alomwe ochuluka, chikhalirecho ambiri mwa anawo amaloŵa m'kalasi akuyankhula Chicheŵa.