Phwete Losafuna Womasulira

Kuno ku Dar es Salaam filimu siikhala chete. Chiyambire pamene Lufufu anatchuka ndi kulankhulira mafilimu akunja m'Chiswahili, m'tizisakasa toonetsera kanema mumamveka mawu a munthu wofotokoza zonse, ngakhale zimene maso akudzionera okha. Inenso ndine womasulira, ndipo ndinkayesa kuti paliponse pamene pali zii ndi ntchito yanga kuthirapo mawu. Amene anandisintha maganizo ndi Mauritz Stiller.

Stiller anabadwira ku Helsinki mu 1883, koma dzina anapangira ku Sweden, nthawi imene mafilimu anali asanayambe kulankhula. Mu 1920 anatulutsa Erotikon, sewero loseketsa la banja lolemera la ku Stockholm. Pulofesa Charpentier amakonda tizilombo kuposa mkazi wake Irene, amene Tora Teje anasewera mbali yake.

Luso la Stiller lagona pa kuika zithunzi ziwiri moyandikana n'kungotisiya. Amationetsa pulofesa akuphunzitsa za tizilombo tonga anankafumbwe, kuti tina timakhala pamitala, kenako amatitengera kwa Irene, amene akukakwera ndege ndi mwamuna wina. Palibe wonena kuti banja lagwedezeka. Ku holo ya opera, gule wa nsanje ndi imfa akuvinidwa pabwalo, koma nkhani yeniyeni ili pankhope za oonerera. Ngakhale chikondi cha mtsikana Marthe pa pulofesa chikuonekera m'mbale ya nyama ya nkhosa ndi kabichi.

Tsiku lina ndinaonetsa filimuyi kwa anzanga a ku Malawi okhala mumzinda muno. Ndinamasulira mawu olembedwa, n'kuwonjezera anga ofotokoza tanthauzo la tizilomboto. Palibe anaseka. Titabwereza ndinatseka pakamwa, ndipo mayi wina anafa nalo phwete, nati, "Bambowa akudzinena okha osadziwa!" Nthabwala ija inkafuna kuti aitole yekha, ine ndinali nditamulanda.

Mu 1925 Stiller anapita ku Hollywood ndi Greta Garbo. Mtsikanayo anatchuka, koma iye sizinamuyendere, ndipo anamwalira ku Stockholm mu 1928. Njira yake youza oonerera theka lokha la nkhani inapitirira m'mafilimu a Ernst Lubitsch.

Masiku ano ndikamamasulira buku n'kumva dzanja likuyabwa kuti ndiwonjezere chiganizo chofotokozera, ndimakumbukira phwete la mayi uja, n'kuchisiya.